Njovu za m'kope la ku Mtunthama

Ndinali m'chigafa ndikusankha fodya pamene a Madamu a Chingerezi anatsika pa njinga pakhomo panga. Unali m'mawa, masamba adakali ofewa, nthawi imene mlimi wa fodya safuna mlendo. Dzuwa likakwera tsamba limayamba kuphwanyika m'manja, ntchito ya tsikulo yathera pomwepo. Ndiye nditamva odi ndinayankha ndili chikhalire.

A Feliya, anzanga oyandikana nawo nyumba amene timathandizana kusankha, anasuzumira panja n'kundigunda ndi chigongono.

"NaBanda, ndi aphunzitsi a ana athu aja. Anyamula chikwama."

"Auzeni alowe muno. Ine sindidzuka."

Analowa atawerama, kuopa fodya wolendewera pa mikangala. Dzina lawo ndi a Olive Mwale, koma ana amangoti a Madamu. Mtsikana ndithu, wochepa thupi, fumbi la njira za ku Chulu kuno lili mbuu m'mapazi. Ndinawakankhira ndowa yovundikira kuti akhalepo. Tinapatsana moni, ine manja osaima.

"Lefina alipo, mayi?"

"Wapita ku mjigo. Walakwanji?"

Anatulutsa mapepala m'chikwama n'kuwayala pa mphasa, pakati pa milu yanga ya fodya, limodzi limodzi mpaka asanu.

"Awa ndi mayeso oyeserera amene a fomu folo analemba sabata yatha. Ili ndi la Lefina. Ili ndi la Dorika, mwana wa mayi awa. Atatuwa ndi a anzawo. Ana asanu, chimangirizo chimodzi. Mawu amodzimodzi, mpaka pamene pali mpumiro. Ndawafunsa kumene anachitenga, onse akuloza khomo lino."

Ndinapukuta manja pa chitenje n'kutenga pepala la mwana wanga. Linali loyera bwino, zilembo zafola ngati mizere ya m'munda wolimidwa ndi chingwe. Cholembera chofiira sichinakhudze paliponse, kupatula pansi penipeni pamene panali ziro wamkulu.

"Walakwitsa pati?"

"Sanalakwitse paliponse."

"Nanga ziroyu wabwera ndi mphepo?"

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa kope limene linabala mapepala asanuwa linalowa m'mudzi muno kudzera m'manja mwanga.

Lefina ndi mwana wanga wachisamba, ndipo mwa onse ndi iye yekha anafika fomu folo. Analemba mayeso chaka chathachi. Masamu anakhoza, zaulimi anakhoza, Chichewa, za Baibulo, ndi zina ziwiri. Chingerezi chokha chinamugwetsa. Ine ndinkayesa kuti munthu akakhoza zisanu ndi chimodzi, chimodzicho amamukhululukira. Anandiuza kuti ayi, popanda Chingerezi satifiketi palibe. Popanda satifiketi, za uphunzitsi kapena za unamwino zimene ankalota zija palibenso. Chotsala ndi chigafa chino, kapena chigafa cha mwamuna.

Bambo ake, a Phiri, anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndiye woti ndikambirane naye panalibe. Chaka chimene Lefina analepheracho dzina langa linatuluka pa makuponi a fetereza, nditadumphidwa zaka ziwiri zotsatana. Kuponi ija ndinaisunga m'Baibulo masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinakaipereka kwa anthu ogula mobisa aja, ndipo ndalama yake ndi imene inamubwezera Lefina kusukulu n'kumulembetsanso mayeso. Fodya ndinamuthira manyowa a ng'ombe za a Feliya. Chimanga sindinachithire kanthu. Pofika Febuluwale chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ndipo aliyense wodutsa m'mbali mwa munda wanga ankadziwa chimene ndachita. Ndinamuuza Lefina poyera: "Aka ndi komaliza. Abale ako sangagone ndi njala zaka ziwiri chifukwa cha Chingerezi chako." Anangogwedeza mutu.

Pa Khirisimasi kunabwera achimwene anga a Lucious. Iwo amatchetcha udzu pa sukulu yogonera ya ana a mabwana ku Mtunthama. Ana akumeneko akamapita ku tchuthi amataya makope, ena asanathe n'komwe. Achimwene anatola limodzi la chikuto cholimba n'kundibweretsera lokulunga m'jumbo ngati nyama.

"Mlongo, taona ichi. Mwana analemba apayu ndiye nambala wani pa Chingerezi. Aphunzitsi ake mpaka anamujambulira nyenyezi."

Analidi masamba awiri ndi theka, opanda chokhwatcha, pansi pake nyenyezi yofiira. Achimwene anati mayeso a Chingerezi mutu wake ndi chimangirizo, nkhani yolemba wekha ija. Ukakhoza pamenepo, zinazo zimakutsatira.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo. Koma pali mayeso amodzi amene ndinakhoza m'moyo wanga. Ndili mtsikana ndinaloweza buku la katekisima lonse, funso ndi yankho, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Akulu a mpingo atandiimika kutsogolo sindinapunthwe. Palibe anandifunsa ngati ndikumva tanthauzo lake. Ndinayankha monga mwalembedwera, ndinalowa mpingo, mpaka lero ndimadya mgonero. Ndiye nditaona nyenyezi ija ndinati njira ndi yomweyo. Chabwino chapezeka kale, cholembedwa ndi wodziwa. Mwana achiloweze, akachilembe.

Tinayamba mu Januwale. Tikamasoka fodya wamuwisi, Lefina ankanena chimangirizo chija pamtima, ine kope lili pa miyendo, chala chikutsata mzere. Mawu sindinkawamva, koma ndinkadziwa pamene mpweya wake uyenera kuthera, chifukwa pamenepo pamakhala kadontho. Masana ankachilemba osaonera. Akamaliza ndinkayala mapepala awiri, la mwana wa eni ndi la mwana wanga, n'kumafananiza chilembo ndi chilembo. Maso anga ndi osankhira fodya. Kankhungu kakang'ono pa tsamba sikandidutsa, ndiye kadontho kangandidutse? Ndinaphunzira kuti pali kadontho kozungulira, pali kena ka mchira, pali tiwiri tolendewera m'mwamba munthu akamalankhula, ndipo pambuyo pa kozungulira chilembo chimakhala chachikulu. Akasiya kamodzi ndinkamubweza.

"Apa pali ka mchira. Kapita kuti?"

"Amama, n'kamodzi kokha."

"Belo amalibweza ku okushoni chifukwa cha tsamba limodzi. Yambanso."

Pofika Malichi ankachilemba chonse osaphonya. Ndisaname, ndinanyada. Lachinayi lina ku Mvano wa amayi a mpingo ndinalankhula kwambiri, ndipo mawa lake a Feliya anabwera kudzapempha kuti Dorika akopereko. Kenako anabwera amayi ena atatu. Ndinawapatsa. Ndinkaona ngati ndikugawa mbewu yabwino.

Ndi zimenezo zimene ndinawauza a Madamu m'chigafa muja, mwachidule, ndikuyang'ana dzuwa pakhomo. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa:

"Mayi, funso la mayesowa linali lakuti alembe kalata kwa alangizi a zaulimi, kufotokoza vuto limene alimi a kwawo akukumana nalo. Mukudziwa chimene walemba Lefina?"

"Za ku Lifupa. Dzina limenelo ndimalimva akamanena. Ndi za kwathu konkuno."

"Ndikuwerengereni m'Chichewa?"

"Werengani."

Anatenga pepala lija n'kuyamba, pang'onopang'ono:

"Pa tchuthi chathachi bambo anga anatitenga pa galimoto yawo yatsopano kupita ku Lifupa. Tinagona m'chipinda choyang'ana ku damu. M'mawa tinadya mazira ndi soseji, kenako tinapita kukaona nyama. Tinapeza njovu khumi ndi ziwiri zikumwa madzi. Njovu ndi nyama yofatsa ndi yokongola. Pochoka ndinalira, chifukwa ndinkafuna kukhala nazo masiku onse."

A Feliya anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

"Galimoto ya malemu a Phiri? Ngolo yomwe ankachita kubwereka kwathu."

Ine sindinaseke. Zaka zitatu zapitazo tinali ndi munda wina chakumadzulo, kufupi ndi malire a nkhalango. Njovu zinalowa chimanga chitakhwima. Ine, bambo ake ndi Lefina yemweyu tinamenya zitini mpaka manja kutupa, izo zikungodya ngati tikuziyimbira. Zinasiya mapesi ndi ndowe. Munda umenewo tinauleka. Ndiye miyezi itatu yathunthu ndinakhala ndi chala pa mzere, ndikumukakamiza mwana wanga kunena kuti njovu ndi zofatsa, ndipo akaiwala ka mchira ndikumubweza.

Nthawi yomweyo Lefina anafika ndi ndowa pamutu. Ataona njinga anaima. Anatula madzi n'kubwera kudzagwada pakhomo la chigafa.

"Iwe," ndinatero, "umadziwa zimene zalembedwa m'kope lija?"

"Ndimadziwa, amama."

"Osandiuza bwanji?"

"Simunafunse. Munkafunsa za timadontho."

Ndinafuna kumuponyera kanthu, koma m'manja munali fodya wabwino. A Madamu anamufunsa mofatsa ngati funso lija sanalimve.

"Ndinalimva, Madamu."

"Mavuto a alimi suwadziwa?"

"Ndimawadziwa. Yankho limabwera lonse, koma limabwera m'Chichewa. Ndikati ndilitembenuze limabalalika. Ndikaona nthawi ikutha ndimachita mantha, ndiye chimene chili chokonzeka m'mutu ndi chomwecho."

A Madamu anayamba kufotokoza zambiri, zakuti oyesa mayeso amafuna kuona ngati mwana wayankha chimene wafunsidwa, zakuti zoloweza amazizindikira pa mzere woyamba chifukwa amaziona chaka ndi chaka. Ine ndinaona tsamba likuyamba kulira m'manja.

"A Madamu, nenani chochita. Dzuwa likukwera."

"Kope lija alisiye. Tsiku lililonse alembe mizere khumi ya zimene wachita tsikulo, m'Chingerezi chake, ngakhale chothyokathyoka. Chiganizo chikhale chachifupi. Ndani, wachita chiyani, basi, mpumiro. Akayamba kunena za dzulo akhale ku dzulo komweko, asadumphire ku lero pakati pa njira. Mfundo imodzi, ndime imodzi, osasakaniza." Anayang'ana milu yanga. "Monga mwachitira apamu, ofiira paokha, oyera paokha."

"Fodya wanga musamulowetse m'zimenezi. Walakwa ndine."

Anamwetulira pang'ono. Anati Lefina azibweretsa zolembazo Lachiwiri ndi Lachisanu, azimuchongera pa nthawi yawo yopuma.

"Kwatsala masiku angati kuti alembe mayeso?"

"Masabata asanu ndi limodzi."

"Akwana?"

Anayamba kutolera mapepala aja. "Sindikunamizani, mayi. Zimenezi timayenera kuyamba nazo fomu wani. Ine ndafika pasukulu pano mu Januwale, ndapeza ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, mabuku owerengeka. Tiyesa."

Atachoka, fodya anali atauma kale. Ndinamufunditsa masamba a nthochi n'kupita kukatereka nyemba. Kope lija ndinalitenga pamene ndinkalisunga, pansi pa Baibulo, n'kuliika pamoto. Chikuto chake chinachedwa kupsa. Lefina anaimirira patali akuyang'ana.

Madzulo a Feliya anabwera atamanga chitenje m'chiuno.

"NaBanda, mwana wanga mwamudyetsa ziro."

"Munabwera nokha kudzapempha ngati mchere."

"Ndinkayesa mukudziwa chimene mukuchita."

"Nanenso ndinkayesa choncho. Mawa mubwera kudzasankha kapena ayi?"

Anabwera. Fodya wawo nayenso ankadikira manja anga.

Masabata otsatirawo Lefina ankalembera m'chigafa momwemo, kope lake pa ndowa yovundikira, ife tikusankha. Mizere khumi inkamutengera nthawi imene ine ndimamanga ndindi za fodya zodzaza mkono. Ankalemba mawu awiri, kuluma cholembera, kufufuta, kuyang'ana kudenga. Lachiwiri loyamba anabwera ndi tsamba la kope lofiira ndi inki ya a Madamu ngati apherapo nkhuku. Ndinali nditazolowera kuti pepala labwino ndi loyera.

"Zonsezi walakwitsa?"

"A Madamu akuti si zoipa kwambiri."

"Zoipa kwambiri zimaoneka bwanji?"

Choipa china chinali chakuti ine ndinalibenso ntchito. Kale ndinali ndi chofananizira. Tsopano ankalemba zochokera m'mutu mwake, ndipo ndikayang'ana sindinkadziwa pamene kadontho kayenera kukhala ndi pamene sikayenera. Ndinkangoona zilembo. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Tandiwerengera m'Chichewa. Ulendo uno ndafunsa."

Anawerenga. "Lero ndinadzuka m'mamawa. Ndinatunga madzi. Ndinathandiza amayi kusankha fodya. Amayi anatopa. Amayi anandikalipira. A Feliya anatafuna nzimbe osagawira munthu."

"Iwe mwana, nzimbe yanga yalowa bwanji m'mayeso a boma?" anatero a Feliya.

"Za kukalipazo fufuta," ndinatero ine.

"A Madamu akuti ndizilemba zoona."

"Miyezi itatu walemba za soseji. Lero zoona zakufika pa ine?"

Lefina anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chibwerere kusukulu.

Sabata yachitatu zofiira zinayamba kuchepa. Sizinathe, koma pakati pake pankaoneka mizere iwiri kapena itatu yosakhudzidwa. Mizere khumi inakhala khumi ndi isanu. Sabata yachinayi a Madamu anamuuza kuti alembe za njovu, zenizenizo. Anakhala nazo masiku awiri. Pondiwerengera anafika pamene bambo ake anataya chitini n'kukhala pansi m'munda, manja ali pamutu, ndipo ine ndinadzuka n'kupita kukayang'ana mbuzi. Linali tsamba limodzi losadzaza. A Madamu analemba pansi pake kuti akanakhala mayeso akanamupatsa pafupifupi theka. Anawonjezera kuti pa mayeso enieni pamafunika tsamba ndi theka kapena awiri, ndiye ayesetse kutalikitsa.

Theka silinandisangalatse, koma linali loposa ziro. Ndinayamba kumuchotsa pa ntchito zina. Madzi ankatunga ang'ono ake. Nkhuni ndinkatola ndekha. Nsima tinali titayamba kudya kamodzi pa tsiku, mu Juni, mwezi umene anzathu nkhokwe zimakhala zodzaza, ndipo ang'ono ake ankadziwa chifukwa chake. Sankamunena, koma akamadya ankamuyang'ana.

Chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. Lefina akamasinja, kapena akamatsuka mbale, milomo yake inkayenda yokha. Ndinkaudziwa mpweya wake, ndinkadziwa pamene aime, pamene apitirize. Ndi ine ndinauika pamenepo.

"Leka zimenezo."

"Sindikuchita dala, amama. Zimangobwera, ngati nyimbo ya ku tchalitchi."

Kope ndinaliwotcha, koma m'mutu mwa mwana simulowa moto.

Tsiku lolemba chimangirizo kunazizira. Ndinamuphikira mbatata ziwiri ndi tiyi wopanda shuga. Anavala juzi la malemu bambo ake pamwamba pa yunifolomu, zolembera ziwiri m'thumba. Dorika anamuitana ali pa njira.

"Ulembe zako," ndinamuuza. "Ngakhale zikhale zofiira."

"Ndamva, amama."

Ndinapita m'chigafa. Kunali kutatsala mulu womaliza, masamba a pamwamba, aafupi, ovuta kusankha. A Feliya sanabwere, anati mutu. Ndinagwira ndekha mpaka dzuwa litakwera, n'kufunditsa wotsalayo masamba a nthochi kuti asaume. Kenako ndinangokhala pamenepo, ndikuyang'ana njira.

Anatulukira dzuwa litapendeka pang'ono, yekha. Anali atavula juzi n'kulimanga m'chiuno. Mayendedwe ake sanandiuze kanthu. Anafika n'kukhala pa ndowa ija.

"Dorika ali kuti?"

"Wadutsa njira ya kumanda. Safuna kuonana ndi amayi ake."

"Kunabwera funso lanji?"

"Analipo angapo, tisankhe limodzi. Lina linali lakuti tifotokoze mmene timalimira mbewu ina iliyonse kwathu, kuyambira kufesa mpaka kugulitsa."

Mwana ameneyu anayamba kunyamula khenu yothirira ku nazale asanameze mano achiwiri.

"Fodya."

"Fodya, amama."

"Ndiye walemba."

"Ndinayamba. Kukonza nazale, kufesa, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Ndinasiya mpata n'kuyamba ndime ina, monga anandiuzira a Madamu. Kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kudula nsonga. Ndinafika pa kuthyola. Inali mizere khumi ndi isanu ndi iwiri, ndinaiwerenga."

"Eya."

"Kenako mawu anayamba kusowa. Ndinakhala. Nditayang'ana kutsogolo, wina anali atatembenuza kale tsamba. Wina kumbali anakweza dzanja kupempha pepala lina. Anthu akungolemba, amama, zolembera zikungolira. Ndinayang'ana zanga, sizinafike ndi pakati pomwe. Zazifupizifupi, ngati za mwana wa sitandade faifi. Oyang'anira anati kwatsala mphindi makumi anayi."



"Ndiye?"

"Ndinakhwatcha."

"Unakhwatcha chiyani?"

"Fodya."

"N'kulemba chiyani?"

Anayang'ana zala zake, chapakati chili ndi inki.

"Lefina, ndakufunsa."

"Masamba awiri ndi theka. Ndinamaliza nthawi isanathe. Sindinasiye kadontho ndi kamodzi komwe, amama. Mukanafananiza simukanapeza."

Kunja nkhuku inkapalasa m'mapesi. Ndinafuna kukalipa, pakamwa ndinatsegula ndithu, koma sindinadziwe woti ndimukalipire. Achimwene anangotola kope m'dzala. Mwana wa eni analemba za bambo ake ndi galimoto yawo, zoona zake. Amene anamuphunzitsa Lefina kuti tsamba lodzaza ndi loyera ndilo labwino, amene anamubweza miyezi itatu chifukwa cha ka mchira, anali atakhala pa mphasa pomwepo ndi manja akuda ndi phula la fodya.

"A Madamu unawaona?"

"Anali pa geti. Anandifunsa kuti ndasankha funso liti. Ndinati la mbewu. Anawomba m'manja."

"Zinazo sunawauze."

"Ayi."

"Ukawauze mawa. Anapalasa njinga kubwera kuno, asamve kwa Dorika."

Anagwedeza mutu. Anati kwatsala mapepala ena, masamu ndi zaulimi, mwinanso pepala lina la Chingerezi lingamukweze. Ananena zimenezo akuyang'ana pansi, ndipo ine sindinamuthandize kuzikhulupirira. Pepala linalo ndi lomwe linamukanika chaka chatha, ndipo miyezi yoti alikonzekere tinaithera pa njovu. Zotsatira zidzatuluka cha mu Okutobala, nthawi imene amaitana maina a makuponi pa bwalo. Dzina langa likadzatuluka, fetereza adzapita m'munda. Iye akudziwa, ine ndikudziwa. Panalibe chifukwa chonenanso.

Ndinavundukula masamba a nthochi. Fodya wa pansi anali adakali wofewerako, wokwanira kugwira kanthawi dzuwa lisanamumalize. Ndinatenga tsamba, ndinalitambasula, ndinaliika ku mulu wake. Ndinatenga lina.

Lefina anadzuka pa ndowa. Ndinkayesa akupita m'nyumba kukalira, ndipo ndikanamuleka. Koma anamasula juzi m'chiuno n'kulikoleka pa mkangala, anatulutsa zolembera ziwiri zija m'thumba n'kuzisomeka pa udzu wa denga, kenako anakhala pa mphasa pamene amakhala a Feliya.

"Ukavule yunifolomu, ida."

"Ndichapa."

Ndinamusendezera theka la mulu.

"Aatali uku, aafupi uko. Obiriwira usasakanize."

"Ndikudziwa, amama."

Ankadziwadi. Manja ake ankathamanga kuposa anga, tsamba lililonse likupita pamalo pake iye osaliyang'ana kawiri. Sanalume chala, sanayang'ane kudenga. Ndinamuyang'anitsitsa kufuna poti ndimubweze, sindinapapeze. Ndinabwerera ku masamba anga. Mulu unali udakali wofika m'mawondo, ndipo a pamwamba anali atayamba kuphwanyika.